Timidzi ta kunyanja m'parishi ya St Keverne

Anzanga amene muli kuno ku UK ndipo mwatopa ndi phokoso la m'tauni, ku Cornwall kuli parishi ina yotchedwa St Keverne, chakum'mawa kwa chigawo cha Lizard. Ine ndinakwera basi ku Helston. Timisewu take ndi topanikizika moti basi ikakumana ndi thirakitala, wina amabwerera chafutambuyo mpaka pomwe pali mpata. Mabasi ndi owerengeka, choncho onani nthawi zake musananyamuke.

Mudzi waukulu, womwe uli ndi tchalitchi ndi bwalo pakati, uli kumtunda. Timidzi tinato tili m'munsi, kalikonse m'chigwa chakechake potsikira kunyanja. Pa mapu timaoneka toyandikana, koma kuchoka ku kamodzi kupita ku kena ndi kukwera chitunda n'kutsikanso, ndipo mawondo amaimva.

Ku Porthallow kuli nyumba zochepa, gombe la timiyala, mabwato okokeredwa kumtunda ndi bala imodzi, Five Pilchards. Dzinali likukumbutsa nsomba zimene zinkadyetsa anthu kuno kale. Asodzi ankazithira mchere, kuzipanikiza m'migolo n'kuzitumiza ku Italy, mpaka pamene nsombazo zinasowa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Pagombe pomwepo pali chizindikiro chosonyeza kuti wafika pakati penipeni pa South West Coast Path, njira ya oyenda pansi ya mamailosi 630 yochokera ku Minehead kukafika ku Poole.

Porthoustock ndi kosakongola kwenikweni. Kuli mgodi wa miyala, fumbi, ndi chikhoma chakale cha konkire pagombe. Komabe ine ndiko ndinakonda, chifukwa ukaona umadziwa kuti pano anthu amadzukira kuntchito. Chapatali pang'ono m'nyanja muli matanthwe otchedwa Manacles, ambiri obisika m'madzi, omwe amiza zombo zambirimbiri. Pa 14 October 1898 sitima ya Mohegan, yomwe inkachokera ku London kupita ku New York, inagunda matanthwewa madzulo anthu ali pa chakudya, ndipo anthu 106 anafa. Amuna a kamudzi kameneka anapalasa bwato lawo lopulumutsira anthu mu mdima womwewo n'kuvuula anthu 44. Ambiri mwa omwalirawo anawaika m'manda amodzi kutchalitchi cha kumtunda kuja. Ndinakaona mtanda wake wamwala, wolembedwa dzina la sitimayo. Nsonga ya tchalitchichi imaonekera kutali ndipo amalinyero ankaidalira kuti azembe matanthwewo, nanga mdima ukagwa ikanathandiza chiyani?

Coverack ndiye kokongola, ndipo alendo amadziwa zimenezo. Kuli kadoko kakang'ono ndi hotelo yotchedwa Paris, dzina la sitima ina yomwe inatitimira pamiyala chapafupi mu 1899 popanda womwalira. Mu July 2017 mvula yamphamvu inasefukira n'kugumula msewu wolowera m'mudzimo, koma lero sungadziwe. Zomwe zinandiseketsa ndi nyumba zofolera ndi udzu. Kwathu munthu akapeza kangachepe amathamangira malata, pomwe kuno ya udzu ndiye yodula, mwinanso mphunzitsi sangaikwanitse. Ndipo pamakomo ambiri pali timabokosi tosungira makiyi, chizindikiro choti nyumbayo ndi yobwereketsa kwa alendo a patchuthi. Ndalama zake zikuthandiza mudzi, sindikukana. Koma nyengo yozizira ikafika mazenera ambiri amakhala amdima, ndipo ana a eni dera amakafuna lendi ku Helston kapena ku Falmouth. Kwa ine, kamudzi ka fumbi kaja kali moyo kuposa aka.

Pobwerera ndinadikira basi ku St Keverne, ndipo mpata unapezeka wokaona chiboliboli cha Michael Joseph, mmisiri wosula zitsulo amene kuno amamutcha An Gof. Mu 1497 iyeyu ndi loya wina, Thomas Flamank, anatsogolera khamu la anthu a ku Cornwall wapansi mpaka ku Blackheath, pafupi ndi London, kukana msonkho womwe Mfumu Henry VII inaika kuti ipeze ndalama za nkhondo ndi Scotland. Anagonja, ndipo onse awiri anawanyonga ku Tyburn. Chibolibolicho anachiimika mu 1997, patatha zaka 500, ndipo chaka chimenecho anthu anayendanso wapansi ulendo womwewo mpaka ku London.