Kumanga khola la kamba pabwalo kuno ku Joni

Ndisanagwire fosholo ndimafunsa kaye za chilolezo. Kuno ku Gauteng, chigawo chomwe muli Johannesburg, kusunga kamba wa dziko lino opanda pepala lochokera ku nthambi yoteteza zachilengedwe ndi mlandu, ngakhale munangomutola pamsewu. Ngati kholalo ndi la abwana, afunseni mwaulemu kuti pepalalo alinalo kodi, pakuti zikavuta womangayo simusowa pa nkhani.

Kamba wofala m'mayadi a Johannesburg ndi wamawangamawanga uja, leopard tortoise. Amafika masentimita 40 kapena kuposa, ndipo ndi woyendayenda, choncho kwa wamkulu mmodzi sinditsika pa mamita 6 mulitali ndi 4 mulifupi. Ndimasankha malo amene dzuwa la m'mawa limafikapo mu June, osati mu December. Nthawi yozizira dzuwa limapendekera kumpoto, ndiye malo a kummwera kwa nyumba amakhala mumthunzi tsiku lonse.

Ndimakumba ngalande yakuya masentimita 30, n'kuthira konkire wokhuthala masentimita 10. Pamenepo ndimayala mizere iwiri ya njerwa m'nthaka ndi isanu ndi umodzi pamwamba, khoma n'kufika theka la mita. Pa mamita 20 ozungulirawo zimalowa njerwa pafupifupi 750 ndi matumba 7 a simenti. Waya wa nkhuku ndimaukana. Kamba akamaona kuseri amangokankha tsiku lonse mpaka kunyuka mphuno ndi miyendo, mwinanso kukwera wayayo ngati makwerero. M'makona ndimakhomamo thabwa pamwamba, chifukwa m'menemo ndi momwe amadzipanikiza n'kukwera, kenako kugwa chagada. Akagona chagada padzuwa la masana, maola ochepa mwamutaya.

Kumbali yotsetsereka, mzere wogunda nthaka ndimasiya mipata yopanda matope pa njerwa yachinayi iliyonse. Mvula ya kuno kuyambira October mpaka March imagwa mwaukali masana, nthawi zina ndi matalala, ndipo khola losaboola limasanduka dziwe.

Pomwe ndimathera nthawi ndi pa kanyumba kogona. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo mu June ndi July chisanu chimayeretsa kapinga m'mawa. Kamba uyu sagona tulo ta miyezi monga anzake a ku Ulaya. Amangofooka n'kuchepetsa kudya. Chomupha kwenikweni ndi kuzizira kophatikiza ndi chinyezi. Mukaona thovu pamphuno, kapena akupuma mokhala ngati akuimba mluzu, chifuwa chalowa, pitani naye kwa dokotala wa ziweto osachedwa. N'chifukwa chake kanyumbako, ka mita imodzi mulitali ndi masentimita 80 mulifupi, ndimakakweza ndi mzere umodzi wa njerwa, n'kuika kotsetsereka kolowera. Khomo limayang'ana kumpoto, kuti mphepo yozizira ya kummwera imenye kumbuyo, ndipo limaposa chigoba ndi zala zinayi mbali zonse. Denga la malata okha ndi bodza, masana ng'anjo, usiku firiji. Pansi pake ndimaika thabwa ndi polystyrene (zoyera zopepuka zija zotetezera katundu m'makatoni), m'kati udzu wouma wofika m'chigongono. Denga ndimalimanga la mahinjesi kuti ndizitsekula n'kupisa dzanja mu udzumo. Ukanyowa ndimasintha tsiku lomwelo, komanso ndimayang'ana zitosi za makoswe, chifukwa kamba akafooka ndi chisanu amamutafuna miyendo iye ali chete.

Madzi ndimaika m'mbale yotambalala ya pansi pa mphika wa maluwa, yokwiriridwa mpaka mulomo, madzi osapitirira pachibwano pa kambayo. Simenti pansi pa khola sindithira. Ndimasiya kapinga, n'kudzala spekboom (chitsamba cha timasamba tonenepa) ndi zitsamba ziwiri za mthunzi. Masamba a mabulosi ndi a hibiscus amadya bwino, koma nsima, buledi ndi chakudya cha agalu ayi ndithu. Chitsamba cha maluwa chotchedwa oleander ndi zipatso za mtengo wa indiya ndi poizoni, zisagweremo, ndipo mankhwala a nkhono ndi feteleza zithere kunja kwa khoma.

Khoma la theka la mita limatsekera kamba, galu amangodumpha. Pakhomo pomwe pali galu ndimawonjezera mpanda wa mita ndi theka pamwamba pake, ndi geti ya loko. Kamba akakhala wamng'ono wokwana m'manja, pamwamba ponse ndimayala waya wa timabowo ting'onoting'ono chifukwa cha akhwangwala.