Sipageti wa ku Gragnano wathera pa mthiko

Achemwali anga amagwira ntchito ku Napoli ku Italy, ndiye nditapita kukawaona anati tiye ku Gragnano ukaone kumene amapanga pasta weniweni, osati timapaketi tomwe mumagula ku Zomba tija. Ndi katauni ka mmunsi mwa mapiri a Lattari, kufupi ndi Pompeii, ndipo anthu ake nkhani ya pasta sachita nayo masewera. Mu 2013 European Union inachita kuteteza dzinalo, sungangopanga zako kwina nkulemba Gragnano papaketi ayi, ufa ukhale wa tirigu wolimba uja amati durum, madzinso akhale a konko.

Tinalowa mufakitale ina atativeka tizisoti ta neti kumutu, ine ndi dazi langali anandivekabe, kaya amaopa kuti chigwa nchiyani. Ufa ndi madzi basi, dzira mulibe mafuta mulibe, makina amakanda kenako nkufinyira pa zikombole za bulonzi ndiye zingwe zimatuluka zokhakhala ukazigwira, akuti nchifukwa chake msuzi umakakamira bwino. Kuumitsa kwake nkwapang'onopang'ono, sathamanga nazo. Kumyuziyamu kwake kuli zithunzi zakale pasta atamuyanika pa timitengo mumsewu ngati zovala, mphepo ya kunyanja ikuumitsa anthu akudutsa pompo. Mayi amene amationetsayo anachita kuloza chala: osathyola, osatsuka, osaphika mpaka kufeweratu, ukaluma pakati pazimveka kulimba. Ndinagula sipageti wamtali kwambiri wopindidwa pakati, mtengo wake ndikausintha mmakwacha mutu umandiwawa mpaka pano.

Abale ndinamusamala sipageti ameneyu. Mundege pamiyendo, pa Chileka pamiyendo, muminibasi ya ku Limbe kondakitala akuti bwana tiike kumbuyo ine ndinakana mpaka tinatsala pang'ono kuyambana pa Namadzi. Anafika ku Matawale osathyoka ndi kamodzi komwe.

Lamulungu lake apongozi anabwera kuchokera ku Jali, ine nkulengeza kuti lero kukhitchini kulowa ine, mudya za ku Italy. Magetsi anali atathima ndiye ndinatereka chimpoto pambaula, madzi ambiri mchere wambiri monga anatiuzira, nditayang'ana tomato watsala awiri ofota. Ndinakwera kabaza kuthamangira pa Mpondabwino, ndiye mukudziwa munthu ukangobwera kunja aliyense amakuimitsa, aise Papa unamuona, aise kumazizira bwanji, nanenso pakamwa sipanatseke, ndinafotokoza za bulonzi zija kwa anthu oti anangondipatsa moni.

Pobwera ndikupeza mayi akunyumba aima kuseri kwa chitseko agwira pakamwa mapewa akugwedezeka. Pakhonde apongozi akhala pansi, mpoto aupana ndi mapazi, mthiko mmanja, akuvundula ndi mphamvu zawo zonse thukuta kamukamu.

"Mwabwera bambo? Musavutike ndakuthandizani. Timitengo tanu tija timakana kulowa mumpoto ndiye ndathyolathyola, koma madzi munachulutsatu, tawira mpaka kutopa osalimba, ndangowazako kaufa koyera."

Ine tomato mmanja, kukamwa yasa. Apongozi sungawakalipire, ndinangoti zikomo amayi mwachita bwino, mawu akutuluka ngati a munthu wina. Iwo anatenga chipande nkuyamba kuomola mitanda, yosalala bwinobwino, mwina ndi mwina kachingwe kakusuzumira pambali.

Tinadya ndi matemba a ku Chilwa otendera, tomato wanga uja anathera momwemo. Ana anapempha mtanda wachiwiri, zomwe zinandipweteka kuposa zonse. Apongozi atasamba mmanja anatsamira khoma nkuti, "Ufa wake ngwabwino ndithu, ukunona. Koma mukawaimbira achemwali anuwo muwauze azunguwo asamadzivutitse nkuupota zingwe, azingotumiza ufawo, kuno tiphika tokha."