Kupita ndi agogo kumene anamenyera nkhondo

Musagule tiketi musanapeze zinthu zitatu: nambala ya usilikali ya agogo, dzina la gulu lawo, ndi mwezi umene anali pamalopo. Dzina lokha silikwanira, chifukwa alembi a nthawi imeneyo ankalakwitsa maina kwambiri. Nambala imapezeka pa kalata yowatulutsira usilikali, ndipo mamendulo ena amailemba m'mphepete. Magulu a asilikali a Britain ankalemba zochitika tsiku ndi tsiku, ndipo mabukuwo ali ku National Archives, malo osungira zolemba zakale za boma la Britain, ku Kew, London. M'menemo mupeza phiri kapena mtsinje weniweni, osati dzina la dziko chabe.

Chimene chimasokoneza ambiri n'chakuti malo anasintha. Ku Monte Cassino ku Italy, nyumba ya amonke imene mabomba anagumula pa 15 February 1944, pa Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse, inamangidwanso, ndipo mapiri amene anali mbee tsopano ali ndi mitengo. Agogo akhoza kuima pomwepo n'kunena kuti si pano. Musawatsutse. Tengani mapu akale, muyang'ane zimene sizisuntha, monga mapiri ndi mitsinje.

Ngati akufuna manda a mnzawo, webusaiti ya Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamalira manda a asilikali, imapereka chigawo, mzere ndi nambala ya manda. Lembani papepala, foni imatha moto.

Malo amodzi patsiku ndi okwanira, makamaka m'mawa. Mpando wopinda, madzi ndi mankhwala awo zisatsale. Akangoti zii, asiyeni. Mafunso mudzafunsa madzulo. Ndipo chitsulo chadzimbiri chili m'dothi musachitole, zina zimaphulikabe.