Kambuzi pa malowolo a ku Mufakose

Telala amayamba kukalamba kumsana. Ine ndimasokera pakhonde la sitolo ina ku Machipisa, ku Highfield mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, pa makina opalasa ndi mwendo amene anandisiyira malemu bambo anga. Iwo anachoka ku Dedza nthawi ya Chitaganya, mzinda uno ukutchedwabe Salisbury, ndipo pamodzi ndi makinawo anandisiyiranso ntchito yowerama tsiku lonse. Msana umandigwira m'munsimu, podutsa lamba, makamaka mu January pamene makolo onse a ku Highfield amakumbukira tsiku limodzi kuti ana alibe yunifolomu.

Pa nkhani ya mankhwala achilengedwe palibe angandiphunzitse. Ufa wa chamwamba ndinathira m'phala mpaka phala linabiriwira. Jinja, adyo ndi mandimu ndinamwa mpaka makasitomala anayamba kuima patali ndikamawayeza m'chiuno. Mu 2021, Harare yense atapenga ndi masamba a zumbani chifukwa cha Covid, ine ndinali kale pansi pa bulangete ndi mphika wanga, thukuta lili kamukamu. Malambe ndimakagula ndekha ku Mbare Musika. Akazi anga, mayi a Chisomo, ali ndi mankhwala awo amene sagulitsidwa pamsika: akuti ndizidzuka pa makina ola lililonse n'kudziwongola, ndizipita ku ntchito wapansi, ndiponso ndichepetse mitanda ya nsima madzulo chifukwa mimbayi ndi imene ikukoka msana. Zoterezi ine sindigwirizana nazo. Mankhwala enieni amayenera kuwawa kapena kununkha, apo ayi thupi silidziwa kuti lalandira chithandizo.

Tsono mwana wa mlongo wanga, Yamikani, anapeza mbeta ya Chishona ku Mufakose, konkuno ku Harare. Kwathu ku Dedza nkhani ya ukwati siyichedwa: ankhoswe akumana, asinthana tambala ndi msoti, mnyamata akalowa chikamwini, basi. Kuno n'kwa eni ake, ndipo eni ake amafuna malowolo, ndi mndandanda wolemba papepala. Popeza ine ndine malume wake, ndinabadwira konkuno, ndipo Chishona ndimachitafuna bwinobwino, abale anandisankha kuti ndikhale munyai, munthu wapakati uja. Ntchito yake ndi yoyenda uku ndi uku, kuchoka kwa akuchimuna amene amadikira kunja kwa geti, kulowa m'nyumba, kunjuta pansi, kuomba m'manja, kuika ndalama m'mbale yamtengo, kutulukanso kukafunsa. Tsiku lathunthu. Mtima unavomera, koma msana unati tionana.

Apa m'pamene pakubwera mwana wanga Chisomo, ndipo ndikufuna owerenga aone bwino mbali yake pa mlanduwu. Iye amagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala m'tauni. Tsiku lina tikudya anatchula kuti kuli mafuta opaka pa msana ndi m'mawondo amene amapangidwa kuchokera ku tsabola, ndipo madokotala amawadziwa. Anatchulanso mtengo wake, ine n'kutsamwa. Nanga munthu angapereke madola onsewo kugula tsabola wa m'kachubu, pamene m'kabati muli kambuzi weniweni? Alamu anga anali atangotumiza kumene jumbo yake pa basi yochokera ku Blantyre, yodzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda. Amene amamudziwa kambuzi akudziwa kuti ndi kakang'ono, konunkhira, kooneka kofatsa, koma kamodzi kokha kamakwanira mphika wa banja lonse.

Lachisanu usiku ndinatapa dzanja lodzaza, ndinasinja m'kamtondo ka adyo, ndinasakaniza ndi mafuta odzola oyera aja amene timapaka ana, n'kusiya usiku wonse kuti zilowererane. Loweruka m'mamawa ndinasamba madzi otentha kwambiri kuti khungu litseguke lilandire mankhwala. Kenako ndinaitana akazi anga kuti andipake.

“Bambo a Chisomo,” anatero ataima pakhomo la kuchipinda, mphuno atatseka ndi chitenje, “manja angawa ndimasambitsira adzukulu. Dzipakeni nokha.”

Ndinadzipaka ndekha, mosaumira. Pamwamba ndinaika pepala la pulasitiki la buledi kuti shati isade, n'kumanga zolimba ndi chidutswa cha nsalu yotsala pa diresi la munthu. Ndiye vesiti, shati yoyera, tayi, ndi jekete la suti yanga yakuda. M'manja ndinatsukuluza ndi madzi pang'ono chifukwa galimoto inali italiza kale hutala panja.

Unali mwezi wa October, nthawi imene Harare amawotcha mvula isanagwe. Tinapanikizana anthu 6 m'kagalimoto kobwereka. M'njira msana unayamba kufunda bwino, kufunda kokoma, moti ndinamuuza Yamikani kuti achinyamata a masiku ano akutha ndalama ndi mapilitsi chifukwa chonyoza nzeru za makolo. Iye anangoti, “Zoona, amalume,” maganizo ali pa envelopu imene inali m'thumba mwake.

Zinthu zinayamba kusintha nditangolowa m'nyumba. Chipinda chochezera chinali chodzaza: bambo a mtsikana ndi abale awo pa sofa, amayi pamphasa, mawindo otseka chifukwa cha fumbi. Ndinanjuta pafupi ndi chitseko, ndinaomba m'manja mwaulemu, ndinaika ndalama ya vhuramuromo m'mbale kuti akuluakulu atsegule pakamwa. Pakamwa panatsegukadi. Thukuta nalonso linatseguka pansi pa pulasitiki uja, ndipo kambuzi anadzuka. Zinali ngati munthu wandisanjika ayironi ya makala pamsana n'kupita kukacheza kwa aneba.

Ndinalimba mtima pa tizinthu ting'onoting'ono toyambirira. Koma mchimwene wa mtsikana, amene ankawerenga mndandanda, atafika pa rusambo, ndalama yaikulu ya malowolo, n'kutchula madola 4,000, moto unakwera mpaka m'mapewa, ndipo mawu anatuluka okha, m'chinenero cha amayi anga:

“Mayo ine! Ndikufa!”

M'nyumba monse zii. Bambo a mtsikana anayang'ana mng'ono wawo, mng'ono wawo anayang'ana pansi. Ananong'onezana. Mnyamata wa mndandanda anafufuta ndi cholembera n'kunena kuti chabwino, 3,500. Ine ndinafuna kuthokoza, koma thukuta linali likulowa m'maso, ndiye ndinapukuta ndi dzanja. Dzanja lomwe lija.

Abale anga, ndinalira. Misozi yeniyeni, yotsika mbali zonse ziwiri, ndi mamina omwe. Maso sankatseguka. Gogo wina amene anakhala pakona anayamba kudandaula kuti taonani bambo wamkulu, wa imvi zake, akulirira mwana wa mlongo wake chonchi, kodi inu mukugulitsa mwana kapena mukumanga chibale? Amayi ena anavomereza. Rusambo inatsika kufika pa 3,000 ine ndisanayankhule liwu limodzi la Chishona.

Ndinatuluka mopapasa khoma kukapereka lipoti kugeti. Ndinkafuna kuwauza kuti andimasule nsalu ija msanga, koma Yamikani atangomva nambala anandigwira manja onse awiri.

“Amalume, sindinkadziwa kuti mumatha chonchi! Bwererani, musawapatse mpata woganiza. Pitirizani momwemo!”

Mlongo wanga, mayi ake, anandikankha kumsana, pamalo penipeni, kuti ndifulumire.

Gawo la ng'ombe ndimalikumbuka mwa apo ndi apo. Anatchula ng'ombe 8, kuphatikizapo ya amayi ake a mtsikana imene siyikambidwa n'komwe. Ine apo n'kuti kunjuta kutakanika. Ndinagwada, ndinadzuka, ndinagwadanso. Mapewa ankavina okha. Ndinapezeka ndatsamira khoma ndikudzikhula pang'onopang'ono, mano ndaluma, kukhosi kukutuluka kamawu kamene sindinakamvepo chibadwire. Tsono muyenera kudziwa kuti anzathu kuno amatiopa ife a ku Malawi pa nkhani ya gule wamkulu. Akaona zilombo zikudutsa ku Mbare kapena ku Mufakose komweko, ana amathawira m'nyumba. Ndiye mkulu wina pa sofa anafunsa mnzake chapansipansi, koma ine ndinamva, kuti kodi awawa si a kudambwe, mwina zawo zija zawafikira? Ana amene ankasuzumira pakhomo anabalalika. Ng'ombe zinatsika kufika pa 6, mwachangu ndithu.

Ndinapempha kuti ndipite kuseri. Kumeneko ndinapeza ndowa ya madzi a pachitsime, ndinavula jekete, ndinakweza shati, n'kudzithira chikho chodzaza. Kwa kamphindi ndinaona kumwamba kutatseguka. Kenako madzi aja anatsetsereka ndi mankhwala omwe, kulowa m'buluku. Kumene anakafika sindinena, nkhani ino amawerenga ndi ana omwe.

Anandipeza ndikudumphadumpha pambali pa chingwe choyanikira zovala ndi azakhali a mtsikana, tete wake, mayi wojintcha amene anapuma pa ntchito ya unamwino. Anayandikira, anayetsemula kawiri, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Sekuru, mwadzola chiyani?”

Ndinayankha kuti ndi mankhwala a makolo.

“Makolo anu ankadzola ndiwo?”

Sanadikire yankho. Anadula nsalu ija ndi mpeni wa kukhitchini, anamatula pulasitiki, ndipo anandiletsa kukhudzanso madzi. Anati chimene chimawotcha mu tsabola sichisungunuka m'madzi, chimamvera mafuta. Anatenga botolo la mafuta ophikira, limene ife tomwe tinabweretsa pa golosale ya malowolo, anandipukuta nalo ndi kansalu, kenako sopo wotsukira mbale, kenako anakhuthulira pamsana panga chambiko chozizira chimene anasungira alendo kuti adyere nsima. Kumaso ananditsuka ndi mkaka, kenako madzi ambiri oyera. Ine ndinali nditagwira mpanda ndi manja awiri, buluku lili m'mawondo, chambiko chikuyenderera, ndipo pamwamba pa mpandawo panali mitu ya ana a aneba itandandalika. Wina anafunsa mnzake ngati umenewu ndi mwambo wa Chimalawi.

Ndinamaliza malowolo nditavala shati ya bambo a mtsikana, ndikununkha mkaka wowawasa. Tete sananene kanthu m'nyumbamo. Ankangoti akandiyang'ana, n'kutsokomolera m'chitenje.

Madzulo kunyumba, nditagona chafufumimba pamkeka, Chisomo anandipatsa phunziro limene akanayenera kundipatsa poyamba paja. Akuti chinthucho dzina lake ndi capsaicin. Sichiwotcha ndi moto weniweni, chimanamiza mitsempha imene imamva kutentha, yomwe imadzuka kutentha kukapitirira madigiri 43, ndiye ubongo umakhulupirira kuti munthu akupsa. Akuti wasayansi wina wa ku America, David Julius, anagwiritsa ntchito tsabola yemweyu potulukira zimenezi, ndipo mu 2021 analandira nazo mphoto ya Nobel. Ndinati ameneyo anapatsidwa mphoto, ine amene ndayesera pathupi langa ndapatsidwa chambiko.

Sanaseke. Anapitiriza kuti m'mafuta a m'kachubu aja capsaicin amakhalamo wochepetsetsa, 0.025 kapena 0.075 peresenti, ndipo munthu amapaka pang'ono kangapo pa tsiku kwa milungu ingapo, mpaka mitsempha ija itatopa n'kuleka kutumiza uthenga wa ululu. Ndiponso m'bokosi mumakhala pepala lochenjeza kuti usapake utangosamba madzi otentha, usamange pamalopo zolimba, ndipo usambe m'manja ndi sopo usanagwire kumaso.

“Adadi, inu mwachita zonse zitatu, tsiku limodzi.”

Ndinamufunsa kuti nanga pepala limenelo anandiwerengera liti? Munthu wophunzira ukamatchula za tsabola pamaso pa bambo ako, ukudziwa kuti m'kabati muli kambuzi, umayenera kumaliza nkhani yonse. Mayi ake, amene ankasenda mbatata pakhomo, anangoponyako mawu osatembenuka n'komwe kuti safunsa anadya phula. Ndinawakumbutsa kuti tsiku lonse la Loweruka msana sunandipweteke ngakhale pang'ono, ndipo banja lapulumutsa madola 1,000 ndi ng'ombe ziwiri. Ndi mankhwala ati a m'sitolo amene anachitapo zotere?

Khungu linasupuka sabata yotsatira, ndipo ndinkasoka chiimirire, zimene mayi a Chisomo anati n'zomwe akhala akunena zaka zonsezi.

Lolemba linalo ndikukonza zipi ya kasitomala, ndinangoona chithunzithunzi chatseka dzuwa pa makina. Anali tete uja, atanyamula jumbo ya nsalu. Anakhala pa benchi mosaitanidwa, anandifunsa za msana mokweza kuti wogulitsa tomato pafupi amve, kenako anatsitsa mawu. Anati achimwene awo mpaka lero akukhulupirira kuti anachita chifundo kwa munthu wolira, ndipo mkulu wa pa sofa uja akuuza anthu kuti anaona mizimu ya ku Malawi ndi maso ake. Iwo monga tete sakonda kusunga zinsinsi kwa abale awo, zimawakweza BP. Koma mwina mtima ungakhale m'malo atapeza telala wowasokera yunifolomu ya amayi a kutchalitchi, bulauzi ndi siketi, mwaulere.

Ndinatenga tepi n'kuyamba kuyeza. Ndili pakati polemba nambala ya m'chiuno, anakodola dzanja cha kumsewu, ndipo m'kombi imene inaima pamenepo munatsika amayi ena anayi, aliyense ndi jumbo yake.