Tsiku limene makina osenda kapinga anandithamangitsa ku Joni

Bodza limene ndinanena ku Randburg linali la mawu awiri okha. Bwana atandifunsa ngati ndimatha kuyendetsa sod cutter, makina osenda kapinga, ndinangoti, "Kwambiri, bwana." Munthu wokulira pa khasu ku Dedza, woti mizere anayamba kuunga asanayambe sukulu, angaope kapinga wa kuseri kwa nyumba?

Madamu ankafuna kuchotsa kapinga wa kikuyu kuti abzalepo maluwa. Makinawo anachita kukabwereka a tsiku limodzi, ndipo powatsitsa m'galimoto tinagwirizana anthu atatu. Ndi chimakina cha petulo, pansi pake pali mpeni umene umagwedera kutsogolo ndi kumbuyo n'kumasenda kapinga ndi mizu yomwe. Chimatulutsa mzere wotambalala pafupifupi masentimita 30, woti umaupinda ngati mphasa.

Wobwereketsa uja analangiza ndithu, ndisamunamizire. Anati pathiriridwe dzulo lake kuti dothi lifewe, pamene padutsa mapaipi pazikidwe timitengo, mpeni uyambe mosazama, kumapazi kukhale jombo, ndipo zikavuta ungosiya chogwirira, makina aima okha. Ine mutu ndinkagwedeza, koma mumtima ndinkawerengera ndalama ya ganyu.

Munali mu Ogasiti. Amene anakhalako ku Joni akudziwa kuti nthawi imeneyi mvula imakhala italeka kalekale, dothi lofiira lija lili gwa ngati njerwa yootcha. Sindinathirire. Mpeni ndinautsitsa mpaka pothera, poti kwathu wolima mozama ndiye mlimi. Nditakoka chingwe n'kufinya chogwirira, chimakina chinadumpha ngati ng'ombe yolumidwa ndi njuchi. Manja ankanjenjemera mpaka mano kumagundana. M'malo mosiya, ndinagwiritsitsa. Kaya ndinkaopa kuti chithawira kwa aneba, kaya.

Ulendo unayambika, makina patsogolo, ine pambuyo, kumapazi mapatapata. Limodzi linatsalira patsinde pa mtengo wa mandimu. Galu wa bwana, amene amandiuwa tsiku lililonse ngati ndili naye ngongole, atationa anakalowa kunsi kwa galimoto. Kenako ndinangomva kuti tswaa! Mpeni unali utadula paipi yakuda yopita ku mpopi wa kudimba, imene anangoikwirira pamwambamwamba. Madzi anatumphuka n'kundimenya pachibwano penipeni.

Achimwene ena a ku Mangochi, ogwira ntchito nyumba yoyandikana, anasuzumira pampanda, mutu atauweramitsa kuopa waya wamagetsi. "Aise, tasiya chogwiriracho!" Ndinasiya. Makina anaima pomwepo, phee, ngati sanalakwe kanthu.

Bwana anatuluka ndi kapu ya khofi m'manja. Anayang'ana mzere wokhotakhota ngati podutsa njoka, anayang'ana madzi, kenako anayang'ana phazi langa lopanda patapata. "Kwambiri?" anatero. Ndiwo mawu okhawo a Chichewa amene anawaphunzira kwa ine, ndipo mpaka lero akandipatsa ntchito iliyonse amayamba wandifunsa choncho.

Ndalama ya paipi ndi ya tsiku lachiwiri la makina anandidula pa malipiro. Koma m'mawa mwake, dothi litamwa madzi onse aja, nditavala jombo zobwereka kwa achimwene, mpeni ndaukweza, chimakina chija chinkayenda mofatsa ngati mwana wa sukulu ya Sande. Pofika masana kapinga yense anali atapindidwa pakona.

Mzere wokhota uja madamu anaukonda, anati maluwa atsatire momwemo. Alendo akabwera amawauza kuti ndi dizaini.