Mlungu wotsata mbumba ya Sir Robert Munro wa ku Foulis m'zikalata za ku Edinburgh

Ntchito ya mlungu uno inachokera ku banja lina la dzina la Munro lomwe limakhala kunja kwa Scotland. Makolo awo ankanena kuti iwo ndi zidzukulu za Robert Munro, mwini malo a Foulis, amene anaphedwa pa nkhondo ya Falkirk, ndipo banjalo linafuna umboni wa zikalata.

Lolemba linatha ndi kusiyanitsa anthu. Banja la Foulis, lomwe likulu lake ndi Foulis Castle pafupi ndi Evanton, m'parishi ya Kiltearn ku Ross, linkabwereza dzina la Robert mbadwo ndi mbadwo. Alipo Robert amene anaphedwa pa nkhondo ya Pinkie mu 1547, wina anamwalira ndi mabala ku Ulm m'dziko la Germany mu 1633, wina ndi Sir Robert wosaona amene anamwalira mu 1729. Wathu ndi mwana wa wosaonayu, wobadwa mu 1684, baroneti wachisanu ndi chimodzi (ubaroneti ndi ulemu wa dzina la "Sir" wosiyirana m'banja), amene anaphedwa pa 17 Januwale 1746 akutsogolera asilikali a boma polimbana ndi gulu la a Jacobite la Charles Edward Stuart, lomwe linkafuna kubwezera banja la Stuart pa mpando wachifumu. Mng'ono wake, dokotala Duncan Munro wa ku Obsdale, anaphedwa naye tsiku lomwelo, ndipo anaikidwa kumanda a tchalitchi ku Falkirk. Mng'ono wina, George wa ku Culcairn, anawomberedwa pafupi ndi Loch Arkaig mu Ogasiti. Abale atatu chaka chimodzi.

Tsiku la imfali limasokoneza ambiri. Scotland inayamba kuwerenga chaka kuchokera pa 1 Januwale mu 1600, pamene England inapitiriza kuyambira pa 25 Malichi mpaka 1752. Choncho chikalata cha ku London chikhoza kulemba Januwale 1745 kapena 1745/6 pa nkhondo yomweyi. Wosadziwa amapanga anthu awiri mwa munthu mmodzi. Mbali imene munthu anamenyera imasinthanso kofufuza: malo a a Jacobite ambiri analandidwa ndi boma, ndipo kulandako kunasiya mitolo ya mapepala otchula ochita lendi ndi ngongole, koma Sir Robert anali wa boma, ndiye mitolo imeneyo siitithandiza.

Lachiwiri linali la mabuku a tchalitchi pa ScotlandsPeople, webusaiti ya boma ya zikalata za mabanja a ku Scotland. Boma linayamba kulemba kubadwa, maukwati ndi imfa mu 1855. M'mbuyo mwake timadalira kaundula wa parishi. Kumpoto kwa Scotland mabuku ambiri anayamba mochedwa, ali ndi zaka zodumpha, ndipo maliro sankalembedwa kawirikawiri. Pofufuza timayesa Munro, Monro ndi Monroe, komanso Foulis ndi Fowlis. Mzere wa banja lotituma unayenda bwino kubwerera m'mbuyo mpaka kwa mlimi wina wa ku Ross kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, pamenepo unaima.

Masiku awiri otsatira anali a zikalata za malo ku General Register House, nyumba yosungira zikalata zakale za dziko ku Edinburgh, ndipo pa mwini malo wa ku Scotland ntchito yeniyeni ili pamenepa. Mpaka 1868 munthu sankatha kugawa malo kudzera mu wilo. Malo ankapita kwa mwana wamwamuna woyamba, ndipo popanda ana aamuna ana aakazi ankagawana mofanana, pokhapokha ngati chikalata cha entail, choikiratu mndandanda wa olowa pa malowo, chinanena zina. Wolowa m'malo ankayenera kutsimikizidwa ndi bwalo la anthu a m'dera lomwelo, kawirikawiri 15, ndipo chigamulo chawo chimatchedwa retour. Chimatchula womwalira, wolowa, ndi ubale wawo. Cha mtundu wa special chimatchulanso malo ndi mtengo wake. Cha general sichitchula malo. Zinalembedwa m'Chilatini mpaka 1847, kupatula zaka zochepa za m'ma 1650, ndiye mawu monga patris (bambo), avi (agogo aamuna) ndi patrui (mbale wa bambo) ayenera kuwerengedwa mosamala, chifukwa kusokoneza agogo ndi abambo aang'ono kumagwetsa mbadwo wonse. Tsiku la retour si tsiku la imfa. Wolowa ankatha kukhala pamalopo zaka zambiri osapita kubwalo, mpaka atafuna kukongola ndalama kapena kugulitsa.

Pambuyo pa retour pamabwera sasine, chikalata chosonyeza kuti munthu walandiradi malowo. Kaundula wake anayamba mu 1617, ndipo mpaka 1845 mwambo wake unali wopatsirana dothi ndi mwala pamalo penipenipo pamaso pa mboni. Chinkayenera kulembetsedwa masiku 60 asanathe, kaya m'buku la dziko lonse ku Edinburgh kaya m'buku la chigawo, lomwe la Ross linali limodzi ndi Inverness, Sutherland ndi Cromarty. Mabuku onse awiri ayenera kuonedwa. Kuyambira 1781 pali mabuku osindikizidwa ofupikitsa zikalatazi, okhala ndi mndandanda wa mayina, koma zaka za Sir Robert zili m'mbuyo mwa 1781, pomwe mndandanda uli wosakwanira ndipo nthawi zina umayenera kutsegula buku la mlembi tsamba ndi tsamba. Alembi ankalemba 1700 ngati jajvijc, ndipo ndalama zambiri zili m'mapaundi a ku Scotland, omwe 12 ankakwana paundi imodzi ya ku England. Woiwala zimenezi amalemeretsa banja kakhumi ndi kawiri.

Testament, chikalata cha chuma cha womwalira chomwe khoti la commissary (loona za chuma chamasiye) linkatsimikiza, imakhudza katundu wonyamulika yekha: ziweto, mbewu, mipando, ndalama, ngongole. Mwana woyamba nthawi zambiri satchulidwamo popeza gawo lake ndi malo, ndipo ofufuza achangu amaganiza kuti anamwalira. Ubwino wa zikalata za ku Scotland ndi woti mkazi amatchulidwa ndi dzina la kwawo ngakhale atakwatiwa. Mkazi wa Sir Robert anali Mary Seymour wa ku Woodlands ku Dorset, ndipo mkazi wa mwana wawo Sir Harry anali Anne Rose wa ku Kilravock.

Mzere wa eni malo unayalidwa Lachinayi madzulo. Sir Harry, amene anagwidwa pa nkhondo ya Prestonpans mu 1745 ndipo anamanganso Foulis Castle m'zaka za m'ma 1750, anamwalira mu 1781. Analowa mwana wake Sir Hugh. Iyeyu anabereka Mary Seymour Munro ku London mu 1796 ndi Jane Law, ndipo anakwatira mayiyo mu 1801. Lamulo la ku Scotland linkavomereza mwana wotere makolo akakwatirana pambuyo pake, la ku England ayi. Mlandu wofuna kudziwa ngati Mary ndi mwana wovomerezeka unafika ku House of Lords, lomwe nthawiyo linali bwalo lalikulu la apilo, ndipo mu 1840 anagamula kuti kwawo kwenikweni kwa Sir Hugh kunali ku Scotland, choncho Mary ndi mwana wovomerezeka. Milandu yotere ndi chuma kwa ife, chifukwa mbali iliyonse imayala mibadwo yake pansi pa lumbiro. Sir Hugh atamwalira mu 1848, ubaroneti unapita kwa Charles Munro wa nthambi ya Culrain, imene inapatuka kalekale m'zaka za m'ma 1600. Ubaroneti umatsata amuna okha, ndiye kulumpha kumeneku kukusonyeza kuti panalibenso mdzukulu wamwamuna wa Sir Robert wobadwira m'ukwati.

Lachisanu ndi lolemba lipoti. Kholo la banja lotituma linalembedwa ndi kamawu "in" patsogolo pa dzina la munda wake. M'zikalata za ku Scotland "of" amasonyeza mwini malo, "in" amasonyeza wochita lendi, ndipo alembi ankasamala kusiyanaku. Ku Kiltearn ndi maparishi oyandikana nawo a Munro anali ochuluka, alimi, asodzi ndi antchito, monga mmene a Phiri onse sali ana a Kalonga. Ngakhale kwa eni malo dzina silitsimikiza magazi a kuchimuna: Sir Hector atamwalira mu 1935, Foulis inadutsira mwa mwana wake wamkazi, ndipo mdzukulu wobadwa ndi dzina la Gascoigne anatenga la Munro.

Lipoti likunena mosabisa kuti ubale wa kuchimuna ndi Sir Robert kudzera mwa ana a m'ukwati zikalata zikuukana. Ndikuona kuti banja liyenera kumva zimenezi m'ndime yoyamba, osati kuzikwirira kumapeto, chifukwa mlimi wawo uja ali ndi mbiri yake yofunika kuitsata. Njira zotsala ndi ziwiri: kudzera mwa ana aakazi, kapena mwa mwana wa kunja kwa ukwati, amene angapezeke m'mabuku a bwalo la akulu a mpingo, popeza mabwalowo ankaitana mayi kuti atchule bambo wa mwana. Mlungu wamawa tiyamba ndi mabuku a bwalo la Kiltearn pamodzi ndi mabuku a lendi a malo a Foulis, kuyambira pa chaka chimene mlimiyo akuonekera koyamba n'kumabwerera m'mbuyo.