Zikomo nonse amene mwatithandiza kuphunzitsa ana za kamangidwe ka nyumba

Chionetsero cha ana athu a Sitandade 6 ndi 7 chachitika bwino Loweruka lapitali, ndipo sindingakhale chete osathokoza.

Namondwe wa Freddy atatikantha kuno ku Blantyre mu Malichi 2023, makalasi athu anasanduka mogona anthu amene nyumba zawo zinagwa. Sukulu itatsegulidwanso, ana ankangofunsa kuti zinatheka bwanji kuti nyumba yakwawo igwe pomwe ya aneba inatsala chiimire. Kalabu yathu ya zomangamanga inabadwa chifukwa cha funso limeneli. Tinkakumana tikaweruka, zina n'kumazilowetsa m'masamu ndi mu Expressive Arts.

Ahedi, zikomo potipatsa chipinda pomwe zipinda zili zoperewera kale. A komiti ya sukulu ndi amayi a Mother Group, makatoni, nsungwi, udzu ndi dothi zonse zija munasenza ndinu. Ambuye akudalitseni.

Koma mtima wanga uli kwambiri pa bambo athu amisiri, amene anakana kuti ndiwatchule dzina. Bambo, munkasiya ganyu kubwera kudzakhala ndi ana a eni, osalandira kalikonse. Munawaonetsa kukhoma zikhomo ndi kukoka chingwe: mbali ina mamita 3, ina mamita 4, chingwe chopingasa chikakwana mamita 5 ndiye kuti ngodya yawongoka. Masamu amene ana ankawathawa pabolodi anawamvetsa ali pabwalo, tepi ili m'manja. Tsiku lija munaumbitsa ana timakoma tiwiri ta zidina, kena kokhala ndi khonde lokwera ndi denga lotulukira kunja, kena kopanda, kenako n'kuthira madzi ndi kheni. Kopanda khonde kanayamba kudyeka pansi mpaka kugwa. Mtsikana wina, amene kwawo anataya zonse, anayang'anitsitsa n'kunena kuti nyumba yawo inayambanso choncho. Ineyo misozi inalengeza. Nzeru ngati zanuzi n'zoyenera kumveka m'kalasi iliyonse m'dziko muno, osati kumangothera pamalo omangira.

Achimwene ndi achemwali a ku yunivesite amene mukuphunzira zojambula mapulani a nyumba, zikomo pobwera ndi thiransipoti yanuyanu. Ana tsopano akujambula pulani ya kalasi yawo, sentimita 1 kuimira mita 1, ndipo akudziwa kuti mawindo oyang'anizana amalowetsa mphepo bwino. Atsikana athu ataona kuti mwa inu muli akazi, mafunso sanathe.

Makolo, ndalama zimene munasonkha ndi zimene zinatifikitsa ku tchalitchi cha St Michael and All Angels. Ana anadabwa kumva kuti chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, ndi njerwa zoumbidwa konkuno ndi manja a anthu akuno, motsogozedwa ndi m'busa David Clement Scott amene sanaphunzirepo za mapulani a nyumba. Ankasisita njerwazo, kufananiza maumbidwe ake, mpaka tinachita kuwakoka kuti tizipita.

Ana anga, nyumba zanu za makatoni ndi dothi zandinyaditsa, makamaka za inu amene munagumula n'kuyambiranso osadandaula.

Tinyumbato tikhala m'chipinda chomwechija mpaka Lachisanu, amene simunabwere fikani mudzaone. Teremu ikubwerayi tikufuna kuyeza ndi kujambula ngalande zozungulira sukulu mvula isanayambe, choncho amene muli ndi tepi kapena levulo yosagwiritsa ntchito, tibwerekeni.